Chatini ya pa chinkhoswe

Azakhali a ku Ntcheu: Mwadzuka bwanji nonse. Tomato watsika pa Lizulu, madengu ali mbwee m'mbali mwa msewu. Mvula ikangoyamba akwera. Chatini tiphike Loweruka lino, imafuna ikhale m'botolo milungu ingapo kuti ukali wa vinega uzizire.

Malume Aakulu: Ndalama kaye. Tinagwirizana K10,000 khomo lililonse. Apereka ndi makomo anayi basi.

Mlamu wa ku Area 25: Ine ndinatumiza pa Mpamba Lachiwiri, malume. Onaninso.

Malume Aakulu: Sindikunena inu.

Mdzukulu wa ku Zomba: Bwanji tingogula ya m'sitolo?

Azakhali a ku Ntcheu: Ya anthu onsewo? Ulipira ndiwe? Tamverani. Tomato makilo 10, wakupsa koma wolimba, wamadzimadzi amatha makala. Timuviike m'madzi owira tisende makungu. Anyezi makilo 2, adyo, jinja, kambuzi, mchere, shuga ndi vinega. Moto wapansipansi pa mbaula, kutakasa osaleka chifukwa shuga sachedwa kupserera pansi. Ukadutsitsa mthiko n'kuona pansi pa poto, madzi osabwerera msanga, yapsa.

Mayi Aang'ono a ku Ndirande: Poto wake uti? Wamkulu wa sitilu uja anapita ku maliro chaka chatha. Sinditchula dzina.

Mlamu wa ku Area 25: Wanga wa aluminiyamu ulipo.

Azakhali a ku Ntcheu: Ayi alamu, vinega amadya aluminiyamu, chatini imamveka chitsulo. Amene akusunga potoyo akudzidziwa.

Malume Aakulu: Poto tiphikamo chiyani opanda ndalama? Makomo anayi.

Mdzukulu wa ku Zomba: Achimwene a ku Joni akuwerenga, timizere tabuluu tikuoneka 😂

Achimwene a ku Joni: Kumapeto kwa mwezi 🙏

Malume Aakulu: Mwezi uti?

Msuweni wa ku Mzuzu: Koma tsikulo si lomwe Bullets ikusewera ndi Wanderers?

Mdzukulu wa ku Zomba: Manoma akalira basi

Msuweni wa ku Mzuzu: Udzaona iwe

Mayi Aang'ono a ku Ndirande: Ana inu, za mpira kwanu komweko. Achemwali, kambuzi achepe. Agogo zilonda zam'mimba zija, ndiye akuchimuna sitikuwadziwa kadyedwe kawo.

Azakhali a ku Ntcheu: Chatini yopanda tsabola ndi jamu. Tigawa pawiri, ina kambuzi timuthira kumapeto. Mabotolo ndiye vuto. Agalasi okhaokha, a jamu kapena a mayonezi, zivindikiro zopanda dzimbiri. Tiwawiritse mphindi 10, aume, tithire chatini ikadali yotentha n'kutseka pompo. Zigubu za mafuta ophikira musabweretse, ija ya pa Khirisimasi inachita nkhungu tonse tikudziwa chifukwa chake.

Mlamu wa ku Area 25: Mmm.

Mlamu wa ku Area 25: Ndili nawo 8.

Mayi Aang'ono a ku Ndirande: Anga 5. Ndipo adzabwerere.

Malume Aakulu: Mabotolo tamva. Ndilemba mayina a osapereka pano pomwe madzulo ano, wina asadzati ndamuyalutsa.

Msuweni wa ku Mzuzu: Malume ndatumiza K5,000, yotsalayo Lachisanu.

Malume Aakulu: Makomo anayi ndi theka.

Azakhali a ku Ntcheu: Nanga makala? Thumba limodzi silikwana. Komanso madenguwo anyamula ndani kuchoka pa Lizulu, msana wangawu mukuudziwa. Iwe wa ku Zomba, sukulu munatsekera eti?

Azakhali a ku Ntcheu: Ndikuona wawerenga.