Zifanizo za milungu ya Ahindu m'nyumba ndi m'mashopu kuno ku Joni: tanthauzo ndi kasamalidwe kake

Mlongo wa ku Lenasia:
Abale anga, ambirife timagwira ntchito m'nyumba ndi m'mashopu a Amwenye ku Lenasia, Fordsburg ndi Mayfair. Kwa Ahindu mumakhala kangodya ka zifanizo, china cha mutu wa njovu, china cha manja anayi. Kodi zimatanthauza chiyani? Nanga wantchito akamakonza m'nyumba, zimenezi amazipukuta nawo?

Malume wa ku Mayfair:
Achemwali, eni ake chifanizocho amachitcha murti. Musachione ngati chithunzi cha munthu, chili ngati kalata yoti muwerenge. Onani zinthu zitatu: chimene chili m'manja, nyama imene ili pambali, ndi mmene chikhatho chaimira. Chikhatho chokwezedwa choyang'ana kwa inu chikuti "usaope", choloza pansi chikuti "ndikupatsa". Manja ambiri ndi njira yoonetsera mphamvu zambiri nthawi imodzi.

Wa mutu wa njovuyo ndi Ganesha, mwana wa Shiva ndi Parvati. Ndiye wochotsa zopinga, n'chifukwa chake amaikidwa pafupi ndi khomo ndipo amayamba kupemphera kwa iye asanatsegule bizinesi kapena kuyamba ukwati. Mnyanga wake umodzi ndi wothyoka, ndipo chifanizo si kuti chawonongeka ayi, amachipanga choncho. Makutu aakuluwo amati ndi a kumvetsera, nkhwangwa ndi yodulira zomangirira munthu, ndipo kakhoswe kali kumapazi kwake kamaimira zilakolako zimene zagonjetsedwa.

Mayi wokhala pa duwa la m'madzi, ndalama zikugwa m'dzanja lake, ndi Lakshmi, wa chuma ndi mwayi. M'mashopu sasowa, makamaka pa Diwali, chikondwerero chawo cha nyale, mu Okutobala kapena Novembala. Musamusokoneze ndi Saraswati, wa maphunziro, amene amavala zoyera, wanyamula buku ndi choimbira cha zingwe chotchedwa veena.

Shiva ali ndi diso lachitatu pamphumi, mwezi m'tsitsi, njoka m'khosi, mkondo wa mano atatu ndi kang'oma. Khosi lake ndi lobiriwira ngati thambo chifukwa nthano yawo imati anamwa poizoni kuti apulumutse dziko. Nthawi zambiri samuonetsa ngati munthu, koma ngati mwala wosalala wotchedwa lingam, ng'ombe yamphongo Nandi itagona moyang'anizana nawo. Wa chitoliro ndi nthenga ya pikoko pamutu ndi Krishna. Wa nkhope ya nyani wonyamula chibonga kapena phiri ndi Hanuman, ndipo mbendera zofiira za pa nsungwi zimene mumaona pabwalo ndi zake. Musazizule.

Mai a Mapasa, Fordsburg:
Malume afotokoza bwino, ine ndiyankhe za kupukutazo, poti ndi pamene ntchito imathera anthu. Choyamba funsani. Mabanja ambiri safuna kuti wina aliyense akhudze murti, amangokuuzani kuti mukolope pansi basi. Akakulolani, vulani nsapato, sambani m'manja, ndipo mukhale ndi kansalu kake kosapukutira china chilichonse.

Onani kaye kuti chapangidwa ndi chiyani. Chamkuwa chimayera ndi bwemba woviika kapena theka la ndimu ndi supuni yaing'ono ya mchere. Tikitani, tsukuluzani, ndipo muumitse pomwepo, chifukwa madzi otsalira amasiya mawanga. Brasso akachuluka amauma m'mingoni n'kusiya zoyera zovuta kuchotsa. Koma ndimu yemweyo kapena viniga musamuike pa mwala woyera wa marble: asidi amadya mwalawo, kung'anima kumatha ndipo sikubwereranso. Apo ndi nsalu yonyowa pang'ono basi. Chopentedwa musachiviike, ndipo Jik asayandikire.

Ufa wofiira wa pamphumi, wachikasu ndi phulusa loyera si litsiro, anaika dala. Maluwa ofota satayidwa m'bini, ambiri amawaika patsinde pa mtengo. Nyale ikamayaka musaizimitse ndi pakamwa, isiyeni. Nyama, mazira kapena lamba wachikopa zisafike pamalopo. Kamtengo konunkhira ka mumphika, tulsi, si tchire, auzeni a m'gadeni. Chikathyoka m'manja mwanu nenani, osamata ndi guluu mobisa, chifukwa ambiri sapemphereranso pa murti yothyoka ndipo ali ndi njira yawo yoichotsera.

Achimwene a ku Rosebank:
Ndiwonjezeko pa za malume. Ahindu a kuno si amodzi. Atamil, amene makolo awo ambiri anafika ku Durban kuyambira 1860 kudzalima nzimbe, amalemekeza kwambiri Murugan, mnyamata wa mkondo ndi pikoko, m'bale wake wa Ganesha. Kachisi wa ku Melrose kuno ku Joni ndi wa Murugan, ndipo mwambo wake wa Kavady, wosenza mtengo wokongoletsedwa ndi maluwa paphewa, umachitika mu Januwale kapena Febuluwale. M'nyumba za Agujarati mupeza kwambiri Krishna, Lakshmi ndi mulungu wamkazi Amba.

Mawu oti "mafano" musawagwiritse ntchito pamaso pawo, amawapweteka. Ambiri amakuuzani kuti Mulungu ndi mmodzi, awa ndi maonekedwe ake. Murti ya m'kachisi imachitiridwa mwambo wa prana pratishtha, ndipo kuchokera apo amaiona ngati yamoyo: wansembe amaisambitsa, kuiveka ndi kuipatsa chakudya. Chakudyacho chikagawidwa ndiye prasad. Mukafuna, landirani ndi dzanja lamanja. Ngati mpingo kapena mzikiti wanu sulola, thokozani n'kukana musanachigwire, kusiyana n'kulandira kenako n'kukachiponya m'bini.

Mlongo wa ku Lenasia:
Zikomo nonse. Nanga mayi wakuda uja wotulutsa lilime, mitu ya anthu ili m'khosi?

Malume wa ku Mayfair:
Ameneyo ndi Kali. Mituyo imaimira kudzikonda ndi umbuli zimene wazidula. Onetsetsani manja ake a kumanja: limodzi likuti "usaope", lina likupatsa. Eni ake amamuitana kuti Mayi.