Printa ikukana kusindikiza firewall ikayaka

Mayi wa fotokope, Kabwata:
Abale thandizeni. Ndili ndi kashopu ka fotokope pafupi ndi msika wa Kabwata. Printa yanga ndi yaikulu ija yoima pansi, yolumikizidwa ku rauta ndi waya. Sabata yatha rauta inapsa malaiti atabwera mwadzidzidzi, ndiye ndinagula ina. Chiyambire tsikulo kompyuta (ndi ya Windows 10) imangolemba kuti printa ili Offline. Mwana wa mchemwali wanga anazimitsa firewall (chitetezo chotsekereza olowa mu kompyuta kudzera pa netiweki), pompo mapepala anayamba kutuluka. Ndikayatsanso, zii. Iye akuti anti, ingoisiyani yozima. Mtima wanga sukuvomera, chifukwa mu kompyutamo muli ma CV ndi ma NRC (zitupa za unzika) a anthu, komanso ana asukulu amalumikiza malaputopu awo pa Wi-Fi yomweyi. Sikani nayo sikufika mu foda, firewall iyake kapena izime.

Wokonza makompyuta ku Kamwala:
Amayi, musamvere mwanayo. Rauta ikakhala yatsopano, Windows imaiona ngati netiweki yachilendo n'kuiika pa Public, ndipo pamenepo firewall imatseka njira zomwe kompyuta imafufuzira printa. Pitani pa Settings, Network & Internet, Properties, musankhe Private. Kawirikawiri nkhani imathera pomwepo.

Koma ine sindikhulupirira madoko a WSD (njira zolumikizira printa) omwe Windows imadziikira yokha, amasowa ngati chenje cha pa minibasi. Sindikizani pepala la netiweki pa printayo muone IP yake (nambala yake ya pa netiweki), kenako muiwonjezere ngati Standard TCP/IP Port, Raw, 9100. Ikapitiriza kulemba Offline pomwe ikuyankha mukaichita ping (kuyesa ngati kompyuta ikuifikira), chotsani chizindikiro pa SNMP Status Enabled. Ndipo mu rauta muisungire IP imodzi yosasintha. Ndi mmene malaiti amapitira kunomu, tsiku lina idzadzuka ndi nambala ina, mudzayambanso kulimbana ndi firewall yosalakwa.

Mdala wa ku Chilenje:
Zoona zimenezo. Ndingowonjezera za sikani. Posindikiza, kompyuta ndiyo imapita kwa printa. Pa sikani, printa ndiyo imagogoda pa kompyuta, pa doko la TCP 445, ndiye File and Printer Sharing iyenera kuloledwa. Mu Inbound Rules za firewall, pa Scope, lembanimo IP ya printa yokha basi. Ana asukuluwo apatseni Guest Wi-Fi (Wi-Fi yapadera ya alendo), asamayende m'chipinda chimodzi ndi ma NRC a eni ake.

Mayi wa fotokope, Kabwata:
Zikomo kwambiri abambo nonse. Inalidi pa Public. Tsopano firewall ndi yoyaka ndipo ndasindikiza kale masamba 40 a mayi wina wa kwaya. Sikani inandivutabe mpaka madzulo, kenako ndinapeza kuti printa inkatumizabe ku IP yakale ya kompyuta, yoyamba ndi 192.168.1, pomwe rauta yatsopanoyi ikugawa za 192.168.0. Ndasintha, zikufika. Za Guest Wi-Fi ndichita Loweruka, mwana uja akabwera ndimuonetse.