Kodi nyali ya UV ndi chida chochepetsera nayitireti n'zofunika mu thanki ya makorali?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndimaweta nsomba ndi makorali (tamoyo ta m'nyanja tomera pa miyala) mu thanki ya madzi amchere ya malita 300, ndipo ngakhale ndimasintha madzi sabata iliyonse, nayitireti (mchere wochokera ku zinyalala za nsomba) wafika pa 25 ppm (magawo 25 pa miliyoni) ndipo ndere zayamba kukuta miyala. Ndikudziwa kuti nyali ya UV (ya kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa ultraviolet) imapha tizilombo ndi ndere zoyandama zokha zimene zadutsa pa kuwala kwake, sichotsa nayitireti, choncho ndikuopa kuti ingaphenso tamoyo ting'onoting'ono timene makorali amadya. Kodi ndiyambe ndagula biopellet reactor (chida chochepetsera nayitireti pogwiritsa ntchito mabakiteriya) yogwira ntchito limodzi ndi protein skimmer (chida chochotsa zinyalala m'madzi pogwiritsa ntchito thovu), kapena nyaliyo ndiyo yofunika msanga? Amene mwagwiritsapo ntchito zida zonsezi, chonde ndiuzeni zimene munaona pa makorali anu.