Kodi Sembène tingamuike m'gulu la socialist realism?

Abale ndi alongo, ndibwerekeni nzeru. Ndikulemba pepala lakusukulu lokhudza socialist realism, kalembedwe kamene kadakhazikitsidwa pamsonkhano wa alembi a ku Soviet Union ku Moscow mu 1934, koti nkhani izionetsa antchito akulimbana ndi owadyera masuku pamutu mpaka tsogolo liwale.

Ndawerenga God's Bits of Wood, buku la 1960 la Ousmane Sembène, mlembi wa ku Senegal, lonena za sitiraka ya ogwira ntchito panjanji ya Dakar-Niger mu 1947 ndi 1948. Nditafika pamene amayi akuyenda wapansi kuchoka ku Thiès kupita ku Dakar, mipopi ya madzi atawatsekera, ana akulira ndi njala, ndidatseka kaye bukulo, mtima utandiwawa.

Chandizunguza mutu n'chakuti Sembène adasenzapo katundu padoko la Marseille, ndipo ku Moscow adapita kukaphunzira zamafilimu bukuli litatuluka kale. Ndiye adatengera kalembedwe ka eni ake, kapena adangolemba zimene thukuta lake lidamuphunzitsa? Ine mtima wanga ukukana kumutcha wongotsanzira.

Nanga Petals of Blood ya Ngũgĩ wa Thiong'o ya 1977, imene ikutha Karega, mtsogoleri wa antchito m'nkhaniyo, akadali m'ndende? Aphunzitsi amene mudaphunzitsapo mabukuwa, malire mumawaika pati?