Sitima yankhondo ya Dupuy de Lôme: mphuno yake yaitali ija inali ya chiyani?

Nachisale analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumakonda mbiri ya sitima zapamadzi. Masiku apitawa ndinaona chithunzi chakale cha sitima yankhondo ya dziko la France yotchedwa Dupuy de Lôme, ndipo chiyambire tsiku limenelo maonekedwe ake sakuchoka m'maganizo mwanga. Kutsogolo kwake kuli mphuno yaitali yotsetsereka mpaka m'madzi ngati khasu la pulawo, ndipo nthiti zake, m'malo moima chilili, zapendekera mkati moti pamwamba m'popapatiza kusiyana ndi pamene sitimayo yakhudza madzi. Poyamba ndinaganiza kuti mphunoyo inali yogundira sitima za adani, koma ndikayang'ana kutalika kwake ndikukayika ngati ikanapirira kugunda chitsulo chinzake. Pansi pa chithunzicho panalembedwanso kuti anthu ena amaitcha cruiser (sitima yankhondo yaliwiro yoyenda maulendo ataliatali) yoyamba kuvala chitsulo mokwanira, ndipo ndikufuna kudziwa ngati zimenezi zili zoona. Chimene chandidabwitsa kwambiri, komabe, n'chakuti sitima yotamandidwa chonchi akuti inamaliza moyo wake ikunyamula malasha. Ndikupempha amene mukudziwa nkhaniyi kuti mundiunikire.

Mbewe anayankha:

Mayi Nachisale, kukayika kwanu kuli ndi maziko, chifukwa mphuno imeneyo sinavekedwe chitsulo chokhuthala choti n'kugundira nacho mdani. Koma kuti timvetse chifukwa chimene inakhalira yotero, tiyenera kuyamba ndi mantha amene anabala sitimayi.

M'zaka za m'ma 1880, akuluakulu ambiri a asilikali apamadzi a ku France anazindikira kuti dziko lawo silingafanane ndi Britain pa kuchuluka kwa sitima zikuluzikulu zankhondo. Panali gulu la oganiza lotchedwa Jeune École, lomwe mmodzi mwa atsogoleri ake anali Admiral Théophile Aube, amene anakhala nduna ya zapamadzi mu 1886. Gululi linkaphunzitsa kuti mdani wamphamvu chotero sulimbana naye maso ndi maso, koma umamutsekera njira ya chakudya. Britain inkadalira tirigu, thonje ndi katundu wina wobwera panyanja, choncho France inkafuna sitima zaliwiro zotha kusaka ndi kumiza sitima zamalonda, n'kudzipulumutsa zikakumana ndi mdani wozipambana mphamvu.

Sitima zambiri za mtundu wa cruiser za nthawi imeneyo, monga Sfax imene Afalansa anailowetsa m'madzi mu 1884, zinkatetezedwa ndi denga lachitsulo lamkati lophimba injini ndi nkhokwe za onga ngati chigoba cha kamba, pamene nthiti zake zinali zopyapyala. Izi zinkaoneka zokwanira mpaka pamene kunabwera zinthu ziwiri, mizinga yowombera mofulumira ndi mankhwala ophulika mwamphamvu otchedwa melinite. Mu 1886 Afalansa anayesa mabomba a melinite pa sitima yawo yakale yotchedwa Belliqueuse, ndipo zimene anaona zinawaopsa, chifukwa zinali zoonekeratu kuti paliponse popanda chitsulo chokhuthala pakhoza kung'ambika ngati nsanza, ndipo anthu ogwira mizinga pamtetete sangakhale moyo nthawi yaitali.

Katswiri wojambula sitima, Louis de Bussy, anayankha vutoli molimba mtima. Anaveka nthiti zonse za sitimayi chitsulo chokhuthala mamilimita 100, kuyambira mamita 1.38 pansi pa madzi mpaka m'mphepete mwa bwalo lapamwamba. Mizinga yake ikuluikulu yonse isanu ndi itatu anaiika uliwonse m'kanyumba kakekake kachitsulo kotembenuka: iwiri ya mamilimita 194 inali pakati, umodzi kudzanja lamanja wina kumanzere, ndipo isanu ndi umodzi ya mamilimita 164 inali itatu kutsogolo, itatu kumbuyo. Mwa kayalidwe kameneka, mizinga isanu inkatha kuwombera kutsogolo pothamangitsa mdani, isanu kumbuyo pothawa, ndiponso isanu m'mbali.

Apa ndi pamene pagona yankho la funso lanu. Mizinga itatu younjikana kutsogolo ikawombera imatulutsa moto ndi mpweya wamphamvu woti n'kuswa bwalo limene lili pansi pa milomo yake. De Bussy anabweza bwalolo m'mbuyo kuti motowo uzipita pamalo opanda kanthu, koma thupi la sitima m'madzi analisiya lalitali, mamita 114, chifukwa kutalika kumathandiza liwiro. Choncho chimene mukuona ngati mphuno yotulukira ndi thupi la sitima limene pamwamba pake padulidwa, ndipo kumbuyonso kunatsetsereka pa chifukwa chomwecho. Kupendekera kwa nthiti kunkachepetsa kulemera kwa kumwamba, zimene zinali zofunika pa sitima ya matani pafupifupi 6,300 yosenza chitsulo chochuluka chotero.

Za kukhala yoyamba, tiyenera kulankhula mosamala. General-Admiral ya ku Russia ya 1873 ndi Shannon ya ku Britain ya 1875 zinali kale ndi lamba wachitsulo pamalire a madzi, koma zinali zoyenda pang'onopang'ono ndipo zinkanyamulabe matanga. Dupuy de Lôme inalibe matanga, inali ndi injini zitatu zanthunzi zopukusa mapulopela atatu, ndipo inaphatikiza liwiro, chitsulo ndi mizinga yotetezedwa m'thupi limodzi. M'lingaliro limeneli ine ndimavomerezana ndi amene amaitcha yoyamba. Dzina lake lenilenilo linali la Henri Dupuy de Lôme, amene anajambula Gloire ya 1859, sitima yoyamba yovala chitsulo yoyenda panyanja zazikulu.

Gondwe anayankha:

A Mbewe mwalongosola bwino maganizo a wojambula, koma ndikuona kuti mwaitamanda sitimayi mopitirira. Ine ndinagwirapo ntchito ya maboyila (zipangizo zowiritsira madzi kuti atulutse nthunzi) pa fakitale ina ya tiyi kwa zaka zingapo, ndipo ndinaphunzira kuti makina sayesedwa pa pepala koma pa moto. Pa moto ndi pamene Dupuy de Lôme inalephera.

Anayamba kuimanga ku Brest, doko la ku France, pa 4 Julayi 1888, ndipo anailowetsa m'madzi pa 27 Okutobala 1890. Poiyesa mu Juni 1892, paipi ya boyila inaphulika n'kuwotcha anthu 16. Amene sanaimepo pafupi ndi boyila sangamvetse msanga kuopsa kwa nthunzi yotuluka mwadzidzidzi m'chipinda chotsekeka cha pansi pa sitima, momwe mulibe kothawira. Atakonza n'kuyesanso mu 1893, maboyila ena anaonongekanso, ndipo sitimayi sinayambe ntchito mpaka pa 15 Meyi 1895. Ngakhale pamenepo sinafike pa liwiro la ma knot 20 limene inalonjezedwa, inalekezera pa 19.7, omwe ndi makilomita pafupifupi 36 pa ola.

Zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri n'zambiri zedi pa nyengo imene luso la zitsulo linkasintha chaka ndi chaka. Angerezi anayamba kumanga Royal Sovereign, sitima yolemera kuposa kawiri, mu 1889, ndipo mu 1892 inali itayamba kale ntchito. Pamene Dupuy de Lôme inkalimbana ndi maboyila ake ku Brest, kunatulukira njira za Harvey ndi Krupp zolimbitsira nkhope ya chitsulo, moti chitsulo chake cha mamilimita 100 chinali chachikale sitimayo isanayende n'komwe ulendo wake woyamba wantchito. Tiwonjezere kuti inkagwedezeka kwambiri pa mafunde mpaka mu 1897 pamene anaiika zipsepse zachitsulo kunsi kwa mimba yake, ndiponso kuti malasha amene inkanyamula, matani 1,080, ankaifikitsa makilomita pafupifupi 7,400 okha poyenda modekha. Kwa mlenje wa sitima zamalonda, amene ayenera kukhala milungu yambiri kutali ndi doko lakwawo, mtunda umenewu ndi wochepa.

Kuyambira 1902 mpaka 1906 anaimanganso ku Brest, nachotsa maboyila akale n'kuika 20 a mtundu wa Guyot-du Temple, nawonjezera chumuni chachitatu, nachotsanso mlongoti wolemera wakumbuyo. Pambuyo pa zaka zinayi za ntchito imeneyi, liwiro lake linatsika n'kufika pa ma knot 18.3. Chaka chomwecho cha 1906 Britain inamaliza sitima yaikulu yankhondo ya Dreadnought, ndipo mu 1909 inatulutsa ina yotchedwa Invincible yothamanga ma knot 25, imene ikanaipeza Dupuy de Lôme mosavuta n'kuimiza ili patali.

Nachisale analembanso:

Ndikuthokoza a Mbewe ndi a Gondwe, chifukwa tsopano ndikayang'ana chithunzi chija ndikuona mizinga itatu ija ndi bwalo lodulidwa, osati chogundira. Koma pakati pa 1895 ndi 1902 sitimayi inali pantchito, ndiye ndikufuna kudziwa zimene inkachita m'zaka zimenezo, ngati inamenyapo nkhondo, komanso mmene inafikira pa malasha aja.

Namaseko anayankha:

Mayi Nachisale, sitimayi sinamenyanepo ndi sitima ya mdani pa moyo wake wonse. Inaikidwa m'gulu la sitima za kumpoto lokhala ku Brest, ndipo ntchito imene imakumbukika nayo ndi yoimira dziko lake pamaso pa mafumu. Mu Juni 1895, patangotha mwezi umodzi chiyambireni ntchito, inapita ku Germany pamodzi ndi Hoche ndi Surcouf pa mwambo wotsegulira ngalande ya Kiel. Mu Okutobala 1896 inali m'gulu loperekeza mfumu ya Russia, Nicholas II, polowa padoko la Cherbourg ku France, ndipo mu Ogasiti 1897 inaperekeza Pothuau, sitima imene inanyamula Pulezidenti wa France, Félix Faure, pa ulendo wake wa ku Russia. Tisaichepetse ntchito imeneyi, pakuti m'zaka zimenezo ubale wa France ndi Russia unali wanthete, ndipo boma linkasankha mosamala sitima zoti alendo azione. Mu 1901 inakaimira France ku Spithead, ku Britain, pa maliro a Mfumukazi Victoria. Zinthu zinkasintha pakati pa France ndi Britain, ndipo pofika 1904 France ndi Britain zinasainirana mgwirizano wa Entente Cordiale, zomwe zinatanthauza kuti mdani amene sitimayi inamangidwira kuti imusautse sanalinso mdani.

Itamangidwanso inakhala nthawi yaitali pa doko, kenaka inatumizidwa ku gombe la Morocco mu 1908. Kumeneko kunapezeka kuti dzimbiri ladya thupi lake, ndipo akuluakulu anaona kuti kuikonza n'kutaya ndalama. Inachotsedwa pantchito mu 1910 ndipo dzina lake linafufutidwa m'kaundula mu 1911.

Apa ndi pamene dziko la Peru linalowa m'nkhaniyi. Kunamveka mphekesera yoti Ecuador ikufuna kugula sitima yankhondo ya ku Italy yotchedwa Umbria, ndipo Peru, posafuna kutsalira, inagwirizana ndi France kuti igule Dupuy de Lôme pa mtengo wa ma franc 3 miliyoni, wolipira katatu. Anaipatsa dzina la Comandante Aguirre, pokumbukira Elías Aguirre, msilikali wapamadzi wa Peru amene anafera pa sitima ya Huáscar pa nkhondo ya Angamos mu 1879. Koma Umbria inagulidwa ndi Haiti, mantha a Peru anazilala, malipiro anaima, ndipo sitimayo sinachoke ku France. Mu 1917 inabwerera m'manja mwa Afalansa, ndipo mu 1918 inagulitsidwa ku kampani ya ku Belgium, pa nthawi imene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itamiza sitima zamalonda zambiri moti chilichonse choyandama chinali ndi mtengo. Anaichotsa chitsulo cha m'nthiti ndi injini ziwiri zam'mbali, naphimba mphuno ija ndi kutsogolo kwatsopano, naitcha Péruvier.

Mu Januwale 1920 inanyamuka ku Cardiff, ku Britain, ndi matani 5,000 a malasha kulowera ku Rio de Janeiro ku Brazil. Injini inavuta ndipo anaikonza ku Falmouth, ku Britain komweko, inavutanso pakati pa nyanja ya Atlantic mpaka anachita kuikoka kukafika ku Las Palmas, pa zilumba za Canary, kuchoka kumeneko anaikokanso mpaka ku Pernambuco ku Brazil, kumene inafika mu Juni malasha a m'nkhokwe ina akuyaka. Motowo utazimitsidwa anaikoka kubwerera ku Antwerp ku Belgium, komwe inangokhala osayendanso mpaka mu 1923 pamene inatengedwa kukaphwasulidwa.

Mbewe anayankhanso:

Sindikutsutsa chiwerengero chilichonse chimene a Gondwe apereka, ndipo nkhani ya anthu 16 aja ndinayenera kuitchula ine ndemwe. Ndikungopempha kuti tisiyanitse maganizo a de Bussy ndi manja amene anapanga maboyila. Boma la France linakhutira ndi maganizowo sitimayi isanathe n'komwe, chifukwa linalamula zinayi zocheperapo ndi zotsika mtengo, za matani pafupifupi 4,700, zomwe ndi Amiral Charner, Bruix, Chanzy ndi Latouche-Tréville, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 maiko onse amphamvu panyanja ankamanga sitima za cruiser zovala chitsulo m'nthiti. Chimene sichinkatetezedwa mokwanira pa sitima zonsezi ndi mimba ya pansi pa madzi. Pa 8 Febuluwale 1916, Amiral Charner inawomberedwa ndi torpedo (bomba loyenda m'madzi) ya sitima yoyenda pansi pa madzi ya Ajeremani, U-21, kufupi ndi gombe la Beirut ku Lebanon, ndipo inamira m'mphindi zochepa. Mwa anthu oposa 400 amene anali m'sitimayo, anapulumuka mmodzi yekha, amene anapezeka pa phaka patapita masiku asanu.