Mabiti akupsa, chuck ikugwa: ndigule bench drill yaikulu kapena vuto lili pena?

Wowotcherera_Ndirande:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi bench drill yaing'ono ija ya chuck (kamutu ka mano atatu kogwira biti) ya 13mm, mota 350W, masipidi asanu. Ntchito ili pamanja ndi mageti awiri, ofunika mabowo a 13mm pa flat bar ya 8mm, molowa mabawuti a M12. Biti ikuchita buluu kunsonga bowo lachitatu lisanathe, makina akulira mokwiyitsa, bowo likutuluka lalikulu kuposa biti, ndipo chuck ikumagwa ndikamakweza chogwirira. Ndaona ina ya 16mm, 550W. Ndigule imeneyo kapena ndingotaya ndalama? Mageti akatha ndikufunanso kuboola zitseko za makabati a kukhitchini, mabowo a mahinjesi a 35mm aja.

Fita_Kanengo:
Achimwene, nkhani yogula iyambe yadikira. Tsegulani chivindikiro cha pamwamba, muone lamba ali pa sitepe iti, muwerenge nambala yake pa kapepala komatidwa mkatimo. Mutiuzenso ngati mukuyamba ndi kabowo kakang'ono kapena mukungolowetsa ya 13 yomweyo.

Wowotcherera_Ndirande:
Lamba ali pakati, palembedwa 1220. Masipidi ake, kuzungulira kwa biti pa mphindi, ndi 580, 850, 1220, 1650 ndi 2650. Ndikumenya panchi kenako ya 13 yomweyo, oilo sindikuthira.

Fita_Kanengo:
Ndiye chopsereza mabiti chapezeka. Biti ya HSS (high-speed steel, chitsulo cholimba chopirira kutentha) pa chitsulo wamba cha mageti imafuna m'mphepete mwake muziyenda mamita 20 mpaka 30 pa mphindi. Kuti musavutike ndi masamu, gawani 8000 ndi kukula kwa biti: ya 6mm ikhala pafupifupi 1300, ya 10mm 800, ya 13mm 600, ya 16mm 500. Inu mukuyendetsa ya 13 pa 1220, kutanthauza pafupifupi mamita 50 pa mphindi, kuwirikiza kawiri mlingo wake. Makona akunja a biti ndiwo amayenda mtunda wautali, ndiwonso amayamba kudyeka, kenako biti imangokhula osadula, n'chifukwa chake ikulira.

Ikani lamba pa 580, ndiko kuti pa sitepe yaing'ono kwambiri ya pulley ya ku mota ndi yaikulu kwambiri ya ku spindle, chitsulo chozungulira chomwe chuck imavekedwapo. Mumange kuti mukamukanikiza ndi chala chachikulu pakati azilowa sentimita imodzi yokha. Akalefuka amaterereka biti ikaluma, akathina kwambiri amadya mabering'i a mota.

Kenako kabowo koyamba ka 4 kapena 5mm. Pakati penipeni pa nsonga ya biti yaikulu sipadula, pamangokankha chitsulo, ndipo mphamvu zambiri zimene mukukokera chogwirira zikuthera pamenepo. Kabowo kaja kamachotsa ntchito imeneyo. Kakang'onoko boolani pa 1220 kapena 1650, boolani onse kaye, kenako musinthe lamba kamodzi n'kumaliza onse ndi ya 13. Oilo wodulira zitsulo akapezeka ndiye woyenera, akasowa wa injini watsopano amathandizako kuposa kuboola pouma. Ndipo kanikizani ndithu. Muziona tizitsulo tiwiri topotana tikutuluka, kamodzi mbali iliyonse. Mukaona fumbi la chitsulo, biti yabuntha kapena dzanja likuopa.

Mmisiri_Chipata:
Ndikugwirizana nawo a Fita pa liwiro, koma 350W ndi yochepa kulumpha kuchoka pa 5 kufika pa 13 pa chitsulo cha 8mm. Apite 5, 8, 10, 12, 13, mota ipume.

Fita_Kanengo:
Masitepe achuluka amenewo, akulu. Biti ya 13 ikamalowa m'bowo la 12 imadula ndi timakona tokha, theka la milimita mbali iliyonse. Imanjenjemera, imakoka yokha n'kukodwa, makona amabenthuka, ndipo kugwedezeka kumeneko ndi kumene kumagwetsa chuck. Ngati mota ikuimadi, aike imodzi pakati, 5, 9, 13, basi.

Mmisiri_Chipata:
Ya 9 pakati ndavomera. Ndiwonjezere za tebulo. Pa timakina tating'onoti tebulo limawerama mukakanikiza biti yaikulu, bowo n'kutuluka lopendekeka. Dulani chipika cha mtengo chokwana ndendende pakati pa tebulo ndi phazi la makina, muchikhomereze pansi pa malo oboolera. Phazilonso limangidwe ku benchi ndi mabawuti awiri kapena anayi, chifukwa kulemera konse kwa makinawa kuli kumutu.

Tena_Limbe:
Bowo lalikulu kuposa biti nthawi zambiri si vuto la makina, ndi kanoledwe. Milomo iwiri ya biti iyenera kukhala yofanana kutalika ndiponso kupendekeka. Wina ukatalika, nsonga imachoka pakati, biti imazungulira mozembera ndipo bowo limakula. Chizindikiro chake n'chakuti kachitsulo kopotana kamatuluka mbali imodzi yokha.

Nsonga ya biti wamba ndi madigiri 118. Geji ngati mulibe, gundanitsani manati awiri a makona asanu ndi limodzi mbali zawo zafulati. Mpata wa V umene ukutsala pakati pawo ndi madigiri 120, n'zokwanira kuyezera. Kutalika kwa milomo yezani ndi rula yachitsulo. Kumbuyo kwa mlomo kukhale kotsikirapo pang'ono, madigiri 8 mpaka 12, apo ayi chidendene ndicho chimakhula mlomo usanafike pa chitsulo. Ponola musadikire kuti isinthe mtundu, gunditsani pang'ono, viikani m'madzi, gunditsaninso.

Za buluu uja: HSS yeniyeni siifewa chifukwa chongochita buluu, imapirira kutentha koposa pamenepo. Yang'anani makona, ngati adyeka, nolani mpaka mufike pamene biti yabwerera m'lifupi mwake. Koma mabiti otchipa ena ndi a chitsulo cha carbon chopakidwa mtundu wagolide, amenewo akapsa kamodzi atha. Fayilo ikamaluma kunsonga yopsayo, musavutike nayo.

Tsopano chuck. Pa makina ang'onoang'ono imangovekedwa pa nsonga yosongoka ya spindle, taper ya B16 kapena JT33, popanda bawuti. Chimaigwira n'kukhudzana kwa zitsulo ziwiri zouma. Girizi wa kufakitale, oilo kapena kachitsulo kamodzi kakatsalira mkatimo, sigwira. Tsukani nsonga ya spindle ndi mkati mwa chuck ndi sipiriti kapena thinner mpaka nsalu izituluka yoyera. Pakani inki ya maka pa taper, vekani chuck ndi dzanja, potozani pang'ono, vulani. Inki ikachoka mozungulira paliponse, zili bwino. Ikachoka pa kamalo kamodzi, pali kachiphuphu kochokera ku kugwa kuja. Kasalazeni ndi sandipepa wa 400 pamalo pomwepo pokha, osati taper yonse. Kenako tsegulani chuck mpaka mano atatu aja abisale mkati, ikani thabwa pa tebulo, tsitsani chogwirira chuck ikanikizike mwamphamvu pa thabwalo. Mukamenya ndi hamala mano ali panja, mwaipha.

Poti ndinu wowotcherera ndinenetse: musaiwotcherere ku spindle. Kutentha kumapinda spindle, kumaumitsa girizi wa bering'i ya pansi, ndipo tsiku lomwe chuck idzathe mudzataya makina onse.

Mukamaliza mangani chitsulo chowongoka, monga tsinde la valavu ya injini, muzungulitse pulley ndi dzanja magetsi atazulidwa. Dial gauge, kawotchi koyezera kugwedera, ikaonetsa 0.1mm kapena kucheperapo pafupi ndi mano, pa ntchito ya mageti palibe chodandaula. Gauge ngati palibe, yandikizani nsonga ya waya womangidwa pa tebulo, muone ngati mpata ukutseguka ndi kutsekeka.

Wowotcherera_Ndirande:
Zowotcherera zinali m'maganizo, mwandiletsa nthawi yabwino. Nanga yaikulu ija tiisiye?

Fita_Kanengo:
Mageti awa muwamaliza ndi imene muli nayo, koma dziwani kuti 13mm ndiye malire ake. Ya 16mm ikufuna 500, ya 20mm 400, hole saw (sowo yozungulira yoboolera mabowo akuluakulu) ya 50mm pa chitsulo wamba ikufuna pafupifupi 170, ndipo pa stainless muyenera kudula manambala onsewa ndi theka kapena kuposa. Makina otsika mpaka 580 okha sangafike kumeneko ngakhale atakhala ndi mota ya 1000W. Choncho pogula, nambala yoyamba kufunsa ndi liwiro lotsikitsitsa, mawati pambuyo. Ogulitsa amathamangira kutchula mawati chifukwa ndi amene alembedwa ndi zilembo zazikulu pa katoni.

Tsegulani chivindikiro m'sitolo momwemo. Mukaona mapulley atatu ndi malamba awiri, amenewo ndi a masipidi 12 kapena 16, ndipo ambiri amatsika kufika 200 kapena 250. Mukaona mapulley awiri ndi lamba mmodzi, mwagula zomwe muli nazo kale, kungokula thupi. Alipo a 16mm, 550W a masipidi asanu okha, ndiye musanyengedwe ndi chuck. Tsitsani quill, chubu chomwe chimatsika ndi spindle, mpaka pansi, gwirani chuck muigwedeze cham'mbali; ikamagogoda, onani ngati pambali pa mutu pali sikuluwu yokhala ndi nati yothinitsira, ngati palibe isiyeni. Funsani kuti spindle imatsika mamilimita angati: ting'onoting'ono timatsika 50, apakati 80 kapena pafupi. Spindle ikhale ya MT2, ya bowo losongoka mkati, kuti muzitha kuchotsa chuck ndi kachitsulo kokhomera n'kuveka mabiti akuluakulu a tsinde losongoka. Tebulo likhale lokwera ndi chopukusira, chifukwa tebulo la cast iron lili ndi vayisi pamwamba silinyamulika ndi dzanja limodzi. Werenganinso nambala ya lamba, mutsimikize kuti amapezeka kwa ogulitsa malamba, asakhale wodikira kuitanitsa.

Mayi_wa_Magetsi:
Abambo, ndiikepo za kumbali yanga. Kuno magetsi ndi 230V, 50Hz. Makina ochokera ku South Africa kapena ku Britain amagwirizana nawo, a ku South Africa mungosintha pulagi. A ku America ndi 120V, 60Hz, musawalumikize popanda transformer, ndipo ngakhale ilipo amayenda pang'onopang'ono kuposa zolembedwa pa kapepala.

Switchi ikhale ya NVR, ya mabatani obiriwira ndi ofiira ija. Magetsi a ESCOM akazima makina ali mkati moboola, switchi wamba imatsala yoyatsa, ndipo akabwera makina amadzuka okha, mwina dzanja la munthu lili pa chuck. Ya NVR imadzizimitsa mpaka mutadinanso. Ngati yanu ilibe, imagulidwa payokha n'kuikidwa.

Mota ikamangong'ung'udza osazungulira, koma n'kuyamba mukaikankha pa pulley, kawirikawiri ndi capacitor; gulani ya ma microfarad omwewo olembedwa pa yakaleyo. Ikamafooka pa ntchito, onani extension. Waya wowonda wotalika mamita 30 amagwetsa mphamvu, mota imatentha. Gwiritsani wa 2.5mm², womasulidwa yense pa chokulungira, wokhala ndi earth. Pa jenereta kumbukirani kuti mota yotere podzuka imakoka kangapo kuposa poyenda, ndiye ya 550W ipatseni jenereta ya 2kVA kupita m'mwamba.

Kalipentala_Kawale:
Za makabati musade nkhawa, kakang'onoko kakwanitsa. Gulani biti ya Forstner kapena yopangidwira mahinjesi ya 35mm, yokhala ndi kansonga kafupi pakati. Spade bit ayi, nsonga yake imatulukira kumaso kwa chitseko. Lamba pa 580 pomwepo pa mlombwa ndi mbawa. Pa paini ndi MDF mutha kukwera pa 850. Mukaona utsi kapena m'mphepete mwa bowo mukuda, kwezani biti utuchi utuluke, chifukwa Forstner siitaya utuchi bwino ikazama.

Kuzama ndi 12 mpaka 13mm kutengera hinjesi, ndiye pa bolodi ya 16mm patsala mamilimita atatu kapena anayi okha. Mangani depth stop, choimitsa biti pa kuzama komwe mukufuna, ndi manati ake onse awiri, wachiwiri ndi wotseka woyamba kuti asayende ndi kunjenjemera, ndipo yesani kaye pa chidutswa cha bolodi yomweyo. Pakati pa bowo pamakhala 21 mpaka 23mm kuchokera m'mphepete mwa chitseko. Nambala yeniyeni ili pa pepala la hinjesi. Mangani pulaiwudi ya 18mm pa tebulo kuti chitseko chigone bwino, ndi kathabwa kowongoka kumbuyo kotsamirapo, zitseko zonse zituluke zofanana. Pukutani kaye oilo ndi tizitsulo ta mageti, zimathimbiritsa thabwa ndi kukanda melamine.

Tebulo liyeseni ngati lili sikweya ndi biti. Pindani waya wolimba ngati Z, mbali imodzi mu chuck, ina itsale pang'ono kukhudza tebulo, muzungulitse ndi dzanja. Akakhudza kumanja n'kuyandama kumanzere, masulani bawuti ya pansi pa tebulo muwongole. Manambala a madigiri omatidwa pamenepo musawakhulupirire.

Wowotcherera_Ndirande:
Ndachita zonse. Mu chuck munali girizi, mlomo umodzi wa biti unali wautali, ndanolanso. Pa 580, kabowo ka 5, oilo, tizitsulo tikutuluka tiwiri ndipo chuck sinagwe. Chatsala chimodzi: biti ikamatulukira pansi ikukodwa, mota kuima, flat bar kufuna kundilanda m'manja.

Fita_Kanengo:
M'manja ayi, achimwene, lekani lero lomwe. Chitsulo chotsala pansi chikaonda, biti imachiboola msanga n'kudzikoka ngati sikuluwu, ndipo flat bar ikazungulira imathyola zala. Imangeni mu vayisi, vayisiyo imangidwe ku tebulo ndi mabawuti m'mipata ya tebulolo, kapena G-clamp ziwiri. Ngati ndi yaitali, mbali yaitaliyo ikhale kumanzere kwanu itatsamira mzati, chifukwa biti imazungulira cha kumanja ndipo ikakodwa chitsulo chimakaima pa mzatiwo. Magolovesi a kuwotcherera vulani, manja a ovolosi pindani, magalasi valani, kiyi wa chuck asatsale pa chuck, tizitsulo chotsani ndi bulashi makina ataima.

Pa kukodwako, mvetserani dzanja. Chogwirira chikayamba kupepuka ndiye kuti nsonga yatulukira. Chepetsani mphamvu pomwepo, mutsitse pang'onopang'ono mukuchigwira kuti chisathawe. Ikani chidutswa cha thabwa lolimba kapena chitsulo chotsala pansi pa flat bar, biti ipeze choluma ikatuluka. Ikakodwabe, zimitsani msanga, potozani chuck chobwerera ndi dzanja, kwezani, yatsani, mubwererenso mofatsa. Zotsalira zakuthwa m'mphepete mwa bowo chotsani ndi countersink, biti yosalazira kukamwa kwa bowo, kapena biti yokulirapo yopotoza ndi dzanja, kuti washa wa M12 akhale fulati.