Alpha Centauri ndi nyenyezi imodzi kapena zingapo?

Kondwa_265: Anthu a pano ndithandizeni. Pambali pa Southern Cross (gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda) pali nyenyezi ziwiri zowala zomwe zimakhala ngati zikuloza mtanda uja, yowala kwambiriyo akuti ndi Alpha Centauri eti? Ndamva zoti ndi yofanana ndi dzuwa lathu komanso ati si imodzi, koma ine ndikayang'ana ndimangoona imodzi basi. Zoona zake ndi ziti?

mfana_wa_ku_Ndirande: si ziwiri zomwe mwanenazo achimwene, ina A ina B, nkhani yatha

MaiPhysics: Ayi mfana usawasokoneze. Inzakeyo ndi Beta Centauri, ili kutali kwambiri, sizikhudzana olo pang'ono. A ndi B zonse zili mkati mwa kadontho kamodzi kowala kaja, maso sangazilekanitse koma telesikopu yaing'ono imatha. Kuwala kwa Alpha Centauri kumatenga zaka zoposa 4 pang'ono kuti kufike kuno.

Yofanana ndi dzuwa ndi A. Ili m'gulu la G2 (nyenyezi amaziika m'magulu potengera kutentha ndi mtundu wake) ngati dzuwa lomweli, kutentha pamwamba pake ndi cha m'ma 5,800 K (kelvin, muyezo wa kutentha), imalemera kuposa dzuwa ndi pafupifupi 10 peresenti, ndi yaikuluko pang'ono ndipo imawala ka 1.5 poyerekeza ndi dzuwa. B ndi yocheperako, gulu la K1, yozizirirapo ndiye mtundu wake umapita ku olenji, kulemera kwake 0.9 ya dzuwa koma kuwala ndi theka basi. Taonani pamenepo, kulemera kwangosiyana pang'ono koma kuwala A ikuposa B katatu, chifukwa nyenyezi yolemera imapanikiza kwambiri pakati pake ndiye haidrojeni amapsa msanga. Ziwirizi zimazungulirana zaka pafupifupi 80 ndipo njira yake si yozungulira bwinobwino, zikayandikana zimakhala ngati dzuwa ndi Saturn, zikatalikirana ngati dzuwa ndi Pluto.

Kondwa_265: Zikomo amayi, nanga Proxima amanena ija ikulowa pati?

Dala_Joni: Imeneyo ndi yachitatu aise, ndipo inapezeka konkuno ku Joni, Robert Innes anaipeza mu 1915 ku Johannesburg. Ndi kanyenyezi kofiira, kulemera 0.12 ya dzuwa, kukula kwake kungoposa Jupiter pang'ono, ndi maso simungakaone ngakhale magetsi atazima tauni yonse kkkk. Koma ndi komwe kali pafupi ndi ife kuposa nyenyezi ina iliyonse kupatula dzuwa, zaka 4.24 za kuwala. Kali patali ndi A ndi B moti kuzizungulira kamodzi kamatenga zaka zoposa 500,000.

Mu 2016 anapeza pulaneti yake Proxima b yomwe chaka chake ndi masiku 11, anthu anakuwa zoti mwina kuli zamoyo koma ine ndimakayika, kanyenyezi kameneka kamaphulika ma flare (kutulutsa kuwala ndi mphamvu zambiri mwadzidzidzi) pafupipafupi ndipo pulaneti ili pafupi choncho mpweya wake ungathe kukokoloka.

mfana_wa_ku_Ndirande: ok ndiye telesikopu yake ikhale yaikulu bwanji kuti ndione A ndi B, mabainokyula a madala angathe?